Manja Akuda a Thekla

Tsiku limene Zinonas analowa koyamba m'nyumba ya khofi ya Bambo Neofitos, mwana wawo Thekla anamumenya ndi supuni. Ndiyambire pamenepo, chifukwa anthu a kwathu ku Kambos akamakamba nkhaniyi amati akanangomumenya kawiri, bwenzi zonsezi kulibe.

Unali m'mawa wa mwezi wa Epulo. Minibasi yoyera inaima pakati penipeni pa msewu, pomwe ngakhale wansembe wathu saimikapo galimoto, ndipo munatuluka alendo a kunja ofiira makosi, aliyense kamera ili pachifuwa. Patsogolo pawo panali mnyamata wamtali, magalasi akuda ali pamphumi, mabatani apamwamba a malaya osamanga. Anyamata oyendetsa alendo pachilumba chino cha Kupro timawadziwa bwino. Pakamwa pawo sipauma, ndipo phiri lililonse amaliloza ngati analiumba ndi bambo awo.

Anadutsa madoda amene ankasewera makadi pakhonde osawapatsa moni, n'kukaomba m'manja pakhomo.

"Khofi wa anthu onsewa, mtsikana iwe. Ndipo changu, tili pa ulendo."

Thekla sanacheuke n'komwe. Anali atakwirira timapoto take tamkuwa mumchenga wotentha, akudikira kuti thovu likwere lokha.

"Khofi wachangu ali m'makina a kutauni," anatero. "Ngati mukuthamangitsidwa, njira ndi yomwe mwatsekayo."

Mnyamatayo anayamba kulongosola, mokweza kuti alendo ake aone kuti akulamula, kuti anthuwa achoka kutali kudzaona nkhosa zakutchire za m'mapiri muno, ndipo dzuwa likakwera zimalowa m'nkhalango. Bambo Neofitos, maso ali pamakadi, anati ngati akufuna nkhosazo asavutike ndi nkhalango, angopita kumunda wawo wa mphesa, akazipeza zikudya kadzutsa. Anati akatha kuzijambula azikweze mu minibasimo azipita nazo. Khonde lonse linafa n'kuseka.

Pofuna kubweza manyazi, mnyamata uja anatambasula dzanja kuti azule kapoto kamodzi mumchenga. Supuni inalira pazala zake.

"Gwiraninso muone."

Wina akanapsa mtima n'kutuluka. Iye anayang'ana zala zakezo, n'kuyang'ana Thekla, kenako anaseka mpaka mano onse kuonekera. Anamufunsa kuti khofi wake amamwa wotani. Thekla anati wopanda shuga.

"Basi, ndamvetsa pomwe pali vuto," anatero Zinonas. "Wanga muike shuga wambiri, mwina fungo lokhalo lingakufewetseni."

Kuyambira pamenepo minibasi ija inkabwera Lachiwiri lililonse, ndipo Lachiwiri lililonse awiriwa ankakangana. Ankakangana za poimika galimoto, za alendo olowa mpaka kukhitchini kudzajambula mchenga, za makapu osiyidwa pakhoma la tchalitchi. Thekla ankamutcha m'busa wa alendo. Iye ankamutcha mayi supuni. Koma amene ali ndi maso anaona kuti Lachiwiri tsitsi la Thekla linkapesedwa bwino, ndipo kapoto ka shuga wambiri kankalowa mumchenga minibasi isanaime. Kuti nambala za foni anapatsana liti, palibe anaona.

Mameseji ndiwo anamumaliza.

"Maso anga, ndili pagombe ndi alendo, koma nyanja ikundinyansa poti iwe palibe."

"Lero ndamwa khofi ku Pafo. Madzi otsukira mbale enieni. Wandiwononga lilime, mayi supuni."

Thekla ankayankha kuti limenelo ndi bodza, amawauza onse choncho. Koma akatero ankawerenganso kuseri kwa chitseko, n'kubisa foni m'thumba la epuloni. Tisamuweruze kwambiri. Mayi ake anamwalira iye akadali pasukulu, ndipo kuchokera apo moyo wake unali mchenga, makapu ndi madoda okangana za makadi. Anabadwira pachilumba chimene anthu amawoloka nyanja kudzachiona, koma mwini wakeyo anali asanapondepo gombe la Lara, kumene akamba a m'nyanja amadzaikira mazira. Zinonas ankamufotokozera zonse, za mbalame zofiirira zoima ndi mwendo umodzi kunyanja ya mchere, za mbuzi yopsera m'ng'anjo yomata ndi dothi, za mapazi a kamba pamchenga m'mamawa. Ankati zonsezo adzamuonetsa yekha, popanda mlendo ndi mmodzi yemwe kumbuyo. Nanga mtsikana wa kumapiri akanatani?

Posakhalitsa Thekla anayamba kuthira shuga m'khofi wake. Bambo ake anaona, ndipo sanakondwe.

Bambo Neofitos sankamutchula dzina mnyamatayo, ankangoti wamagalasi uja. Ankati munthu wodziwa misewu yonse ya dziko amadziwanso zitseko zambiri. Tsiku lina anamufunsa pamaso pa madoda onse ngati kwawo kuli makolo kapena anangobadwira mu minibasi. Zinonas sanagwedezeke. Anayankha mwaulemu kuti mayi ake alipo ku Lemesos, koma ndi munthu wovuta, sangakwere phiri kudzapempha mtsikana amene sanalawe ntchito ya manja ake.

Dzuwa lisanalowe, meseji inafika.

"Mtima wanga, ndaona mitengo yanu ya mtedza yabereka. Uwapangire mayi karidaki. Akangolawa, abwera okha kudzagogoda kwa bambo ako. Ndikulumbira."

Karidaki, mtedza wa mumtengo wophikidwa m'shuga umene timalandirira alendo aulemu, sapangira munthu wamba, ndipo Thekla anali asanapangenso chimwalirire mayi ake. Anakwera mumtengo mwezi wa Juni uli kumayambiriro, mtedza udakali wanthete woti singano n'kulowa mpaka mkati. Anausenda umodziumodzi, kuunyika m'madzi, kumasintha madziwo m'mawa uliwonse mpaka kuwawa konse kutatha, kenako n'kuuphika m'madzi a shuga mpaka unada bii n'kumanyezimira. Atsikana a masiku ano posenda amavala magolovesi, poti madzi a makoko ake amadetsa manja moti sopo ndi mandimu zimalephera. Thekla anakana. Mayi ake ankati mtedza wosendedwa ndi magolovesi umanunkha mphira. Ndipo potsata mayi akewo, m'kati mwa mtedza uliwonse, momwe akazi ena onse amaikamo njere ya amondi, iye anaikamo kachidutswa ka khungu la lalanje lowawa.

Sanauze munthu kanthu, koma manja ake analengeza okha. Lamulungu kutchalitchi azimayi anangoona zala zakuda zija zikuyatsa kandulo n'kuyamba kukodolana. Pofika masana mudzi wonse unkadziwa kuti kwa Neofitos kubwera anthu odzapempha mbeta.

Lachiwiri lake anapereka botolo la karidaki atalimanga pakamwa ndi kansalu kobiriwira. Zinonas anamukokera kuseri kwa minibasi, n'kugwira manja ake onse awiri, akuda ngati a wootcha makala, n'kuwapsompsona.

"Manja awa ndiwaveka mphete asanayere," anatero. "Ndipo Loweruka ndidzakutenga ukaone akamba ako."

Loweruka linafika ndi meseji yoti alendo achuluka. Lachiwiri minibasi sinaoneke. Thekla atafunsa za botolo, yankho linabwera mochedwa.

"Mayi akonda kwambiri, anyambita ndi foloko yomwe. Pirira pang'ono, maso anga. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anadekha. Lachiwiri lina linadutsanso, kapoto ka shuga wambiri kanasefukira mumchenga popanda womwa. Khungu la m'manja linayamba kuyera, kuda kunatsalira m'zikhadabo ndi m'mizere ya zikhatho. Akapita kukagula buledi, azimayi ankamufunsa mwachikondi chonamizira kuti alendo aja afika liti, poti iwo akufuna kudziwiratu tsiku lochapa madiresi. Thekla ankangowayang'ana ndi diso loipa n'kutuluka, koma mumtima munkatentha.

Chimene chinamupweteka kwambiri si azimayiwo ayi. Tsiku lina anapeza bambo ake kuseri kwa nyumba akupaka penti mipando ya pabalaza, jekete lawo la kutchalitchi atalipachika pawaya kuti lichoke fungo la m'bokosi. Munthu yemwe uja wongomutcha Zinonas wamagalasi! Atawafunsa, anamukalipira kuti mipandoyo inkafunika penti kalekale, ndipo asamafunse zopusa.

Loweruka lotsatira foni inaliranso m'mawa.

"Uchi wanga, ndili ku Larnaka ndi alendo, mbali ina ya chilumba. Sabata yamawa, ndikulonjeza."

Thekla anavula epuloni, n'kutola makiyi a pikapu ya bambo ake pamsomali. Bambo Neofitos atafunsa kuti ulendo wa kuti, anangoti akamba aja si a bambo ake a munthu, akawaona yekha.

Anatsika mapiri onse aja ali wokwiya. Phula litatha anadya fumbi la msewu wa ku Lara mpaka nyanja inatseguka patsogolo pake, yobiriwira, yopanda nyumba ndi imodzi yomwe m'mphepete. Posadziwa za kugombe, anangotsata kanjira kotsetsereka n'kulowa ndi galimoto pamchenga. Matayala anazungulira pomwepo n'kutitimira.

Asanatsike n'komwe, kunatulukira mtsikana wa msinkhu wake akuthamanga, chipewa chachikulu kumutu, nkhope yopsa ndi dzuwa, kakhola kawaya m'manja.

"Kodi ndinu akhungu, kapena mutu ndi womwe sukuyenda? Zikwangwani zonse zija simunazione?"

"Mchengawu anakusiyirani ndi agogo anu?" anabweza Thekla.

Apo ndiye zinavuta. Mtsikanayo, dzina lake Evdokia, anali mmodzi wa olondera zisa za akamba. Analoza timakola tawaya tomwe tinali mbwee pagombe lonse, n'kunena kuti pansi pa kalikonse pali mazira, ndipo tayala lakutsogolo laima pafupi ndi chisa choikiridwa dzulo lomweli. Anati anthu a kumapiri mumayesa paliponse posalala ndi msewu. Thekla anati anthu a kugombe mumalemekeza kamba kuposa munthu. Ananyozana midzi, ananyozana mayankhulidwe, mpaka malovu anawauma. Koma galimoto sichoka pamchenga ndi mawu. Evdokia anakatenga matabwa ndi fosholo, ndipo anakumba limodzi, osayang'anana, thukuta lili kamukamu, mpaka pikapu inabwerera pouma.

Akupuma, Evdokia analoza ndi chibwano mizere iwiri yochokera m'madzi, yokwera pamchenga n'kubwereranso, ngati podutsa thalakitala. Anati ngati munabwerera akamba, mapazi ake ndi amenewo, okhawo muone, eni ake masana saoneka. Thekla anaima nthawi yaitali akuyang'ana. Anali ndendende monga Zinonas ankanenera, ndipo zimenezo zinamubweretsa misozi pafupi.

"Tiyeni kwathu mukamwe madzi," anatero Evdokia, tsinya likadali pamphumi. "Mungatikomokere pano n'kutiwonjezera ntchito."

Kwathu kuno ngakhale munthu mwatukwanizana naye simumulola kupita ndi ludzu. Anakwera limodzi kumka kumudzi wa Inia, pamwamba pa gombelo. Panjira Thekla anaona kuti mnzakeyo akungotembenuzatembenuza mphete yatsopano kudzanja lamanzere, komwe timavala ya chitomero. Anabisa zikhadabo zake kuseri kwa chiwongolero.

Pabwalo la nyumba panali mthunzi wa mpesa, tebulo lalitali litayalidwa nsalu yoyera, ng'anjo yadothi ikufuka pakona. Mayi ake a Evdokia, Mayi Froso, anali munthu wonenepa, wachimwemwe, wosadziwa kutseka pakamwa. Anamukhazika Thekla pampando n'kuyamba kumukhuthulira nkhani asanamufunse ndi dzina lomwe. Anati Loweruka lililonse amaphikira alendo a kunja, amawaonetsa kaumbidwe ka tchizi cha halumi, ndipo amene amawabweretsa ndi mkamwini wawo, mnyamata wamtali, waulemu, wodziwa chilumba chonse ngati chikhatho chake. Anati afika pompano.

Thekla anacheukira kuchipata. Anadziuza kuti oyendetsa alendo ndi ambiri ngati mbuzi za m'phiri, komanso wake ali ku Larnaka.

Mayi Froso analowa m'nyumba n'kutuluka ndi thireyi. Panali tambula ya madzi ozizira, kafoloko, ndi kambale kokhala ndi mtedza umodzi wakuda, wonyezimira.

"Uwu sindipatsa aliyense, mwana wanga. Koma mwakumba mchenga ndi mwana wangayu, ndinu mlendo wathu."

Mlendo sakana karidaki. Thekla anabaya ndi kafoloko n'kuluma. Shuga anasungunuka pa lilime, kenako mano anakumana ndi kanthu kofewa, kowawira pang'ono, konunkhira lalanje.

Anasiya kutafuna.

Mayi Froso sanaone kanthu, anali pakati pa nkhani. Anati botolo la mtedzawu anabwera nalo asewere awo a ku Lemesos tsiku lija anadzapempha Evdokia. Mkamwiniyo ndiye anati mayi ake apanga okha ndi manja awo, eni akewo anangomwemwetera. Apa anatsitsa mawu monga amachitira munthu pojeda. Anati iwo anadabwa ndithu, poti mayiwo manja awo ndi oyera ngati mkaka, zikhadabo zazitali zopaka zofiira, ati amavala magolovesi. Nanga lalanje m'katimo, anthu a m'tauni anawaphunzitsa ndani?

"Mkamwini wanuyo dzina lake ndani, mayi?"

"Zinonas. Mukumudziwa?"

Thekla anatulutsa manja ake pansi pa tebulo n'kuwaika onse awiri pansalu yoyera ija, zikhadabo zili m'mwamba.

Palibe mkazi wa pachilumba chino amene angaone zikhadabo zoterozo mu Julaye osadziwa chimene chinazidetsa. Mayi Froso anayang'ana manjawo, n'kuyang'ana kambale, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo pakamwa pawo panatsekeka.

"Botololo lamangidwa ndi kansalu kobiriwira," anatero Thekla. "Dulani mtedza wina uliwonse, mupeza lalanje. Anandiuza kuti mayi ake akalawa abwera kwa bambo anga."

Evdokia anaimirira mwamphamvu mpaka mpando kugwa. Sanakhulupirire, ndipo ndani akanakhulupirira msanga? Anati Thekla ndi mfiti ya kumapiri, wabwera dala, galimoto ija anaititimiza dala kuti alowe m'nyumba mwawo ndi kudzawapasulira ukwati. Anati akazi ongomwetsa khofi mwamuna wa mwini n'kumayesa afunsiridwa ndi ambiri. Thekla naye sanamusiye. Anati akanadziwa kuti thukuta lake likudyedwa kuno, akanabwera kale, ndipo osati chimanjamanja. Anati mphete imene mukuinyadirayo inagulidwa ndi zala zanga.

Mayi Froso anali atalowa m'nyumba. Anabwera ndi botolo lija ndi mpeni, n'kudula mtedza umodzi pakati, kenako wina. Anaika tizidutswa ta lalanje patebulo.

Evdokia anatiyang'ana, kenako anafunsa motsitsa mawu, osayang'ana Thekla kumaso.

"Amakutchulani chiyani?"

"Maso anga."

Evdokia anatola mpando wake n'kukhala pansi. Chikomekome cha mkuyu, akulu anati, m'kati muli nyerere. Onse awiri anali ataluma mkuyu womwewo.

Hutala inalira kunja kwa mpanda.

Zinonas analowa patsogolo pa alendo ake monga mwa nthawi zonse, manja ali m'mwamba, magalasi ali pamphumi, akufuula kuti mayi, ndabwera ndi anthu anjala, nanga maso anga ali kuti? Atsikana onse awiri anatembenuka. Kumwemwetera kuja kunauma pankhope pake pang'onopang'ono. Munthu amene m'mawa anali ku Larnaka, mbali ina ya chilumba, anaima pansi pa mpesa wa ku Inia kukamwa kuli yasa.

Koma pakamwa pozolowera ntchito sipachedwa kudzuka. Anaseka kaseko kouma, n'kuuza Mayi Froso kuti ha, dziko ndi laling'ono, uyu ndi mtsikana wina amene amawaphikira alendo khofi kumapiri.

Mtsikana wina wophika khofi. Mawu amenewo anamulasa Thekla kuposa lalanje lija.

Mayi Froso sanakweze mawu. Anawalandira alendo onse mwaulemu, kuwakhazika patebulo, kuwathirira madzi. Kenako anakoka mpando kumutu kwa tebulo n'kumuuza Zinonas kuti akhale. Anamuikira patsogolo kambale, kafoloko, tambula ya madzi ndi mtedza umodzi wa m'botolo lija.

"Idya, mwana wanga."

Anati sakumva njala, komanso alendo akudikira.

"Idya. M'nyumba muno munthu sakana."

Anadya. Anatafuna nthawi yaitali. Anamwera madzi, n'kuika kafoloko m'tambula monga timachitira tikatha.

"Nanga ukatha kudya, kwathu kuno timati chiyani? Kapena ku Lemesos munasiya?"

"Adalitsike manja amene apanga," anatero Zinonas, maso ali pansalu.

Mayi Froso anagwira dzanja la Thekla n'kulikweza kuti aliyense alione.

"Auze eni ake. Manjawo ndi awa."

Zinonas sanathe kuwayang'ana. Anayamba kubwebweta kuti afotokoza zonse, kuti sizili monga zikuonekera, kuti mayi ake ndiwo anamukakamiza, kuti maso anga undimvere kaye. Vuto linali loti mawu omalizawo sankadziwa awalozetse mbali iti, mutu unkangopita uku ndi uku. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo iye anavumbwa dzuwa likuswa mtengo.

Thekla anachotsa dzanja lake mwa Mayi Froso n'kulitambasulira pamaso pake penipeni.

"Unati uwaveka mphete asanayere. Taona, atsala pang'ono."

Evdokia sanalire. Anavula mphete ija pang'onopang'ono, poti chala chinali chitatupa ndi kukumba mchenga, n'kuiponya m'tambula momwe munali kafoloko kodyera. Inalira ngwee n'kumira pansi. Alendo aja, poyesa kuti ndi mwambo wina wa pachilumba umene waphatikizidwa pa ulendo wawo, anaomba m'manja. Mayi wina wachipewa cha maluwa anajambula tambulayo, n'kumukoka Zinonas malaya kuti awauze tanthauzo lake.

"Amasulire," anatero Evdokia. "Ndiyo ntchito yake."

Mayi Froso anafuna kumubwezera Thekla botolo lake, koma iye anakana. Anati awapatse alendowo, achoka kutali kudzalawa za kuno. Mayiwo anamuperekeza mpaka pachipata, akupukuta maso ndi epuloni. Evdokia sanadzuke, ndipo musayese kuti awiriwa anasanduka mabwenzi. Anangomuponyera mawu ali chikhalire, kuti akadzabweranso galimoto adzaisiye kumtunda.

Ulendo wobwerera unali wautali. Foni inkalira pampando, kulira n'kuliranso, mpaka anaizimitsa. Anadutsa m'nkhalango dzuwa litapendeka, ndipo pamphepete pa msewu panaima nkhosa yakutchire ya nyanga zopindika, ikumuyang'ana mopanda mantha. Alendo amadikira tsiku lonse kuti aione. Thekla anangoiimbira hutala kuti ichoke.

Ku Kambos anapeza madoda atabalalika. Bambo ake anali pakhonde okha, ndipo mipando yopakidwa penti ija inali itandandalikidwa kukhoma, itauma bwino. Anamuyang'ana kumaso kamodzi kokha. Munthu wa pakamwa polasa ngati iwo akanatha kunena kuti ndinkanena ine, ndipo Thekla anali atakonzeka kuwamva. Sananene. Anadzuka, n'kupita kuseri, n'kukachotsa jekete lija pawaya, n'kukalibwezera m'bokosi.

Atabwerako anapita okha pamchenga, n'kukwirira kapoto kamodzi. Anafunsa ali chofulatira.

"Shuga?"

"Ayi, bambo."

Anamubweretsera kapu ndi tambula ya madzi, monga amachitira ndi mlendo. Anamupeza akukhula zikhadabo pamphepete pa tebulo, mwamphamvu, mpaka china chinayamba kutuluka magazi. Anamugwira dzanjalo n'kuliika pa kapu.

"Zisiye, mwana wanga. Zimera zina."

Thekla anakweza kapuyo n'kumwa. Anali khofi yemwe uja amene anakula naye, wophikidwa bwino, thovu lili pamwamba. Koma lilime linali litazolowera shuga, ndipo anamuwawa mpaka kukhosi. Apo m'pamene analira, bambo ake ataima pambali akuyang'ana kumsewu ngati sakumva.

Anamwa yense mpaka pansi.